Kodi Mjigo Uwu Ngwa Yani?

Munthu wochokera ku Lilongwe pa msewu waukulu wopita ku malire, akangopitirira Namitete ndi kulowa m'boma la Mchinji, amayamba kulandiridwa ndi zikwangwani. Pa Waliranji zilipo, pa Kamwendo zilipo, ndipo pa mphambano zambiri zolowera kumidzi zaima mothithikana ngati chimanga chodzala mwana. Zina nzatsopano, penti wake akali kung'anima. Zina zidachita dzimbiri kalekale, zidapendekeka, ndipo ntchito imene yazitsalira ndi yopatsa mbuzi podzikhula. Pa chikwangwani chilichonse pali mau ataliatali a Chingerezi, pali zilembo zofupikitsa maina zimene ngakhale mphunzitsi wa sukulu yapafupi sangathe kumasulira, ndipo m'munsi mwake muli mzere wa tizithunzi: ka nyenyezi, ka manja, ka tsamba, ka dziko lapansi. Tizithunzi timeneti, pamodzi ndi maina ndi mitundu ya utoto imene mabungwe othandiza anthu amadziwika nayo, ndizo tifuna kukambapo mwezi uno.

Mwina wina adzati: Kodi wansembe wasowa cholemba kuti mpaka ayambe kukamba za penti ndi malata? Woteroyo tikumpempha adekhe pang'ono, ayambe wamva chimene chidatichitikira.

Tsiku lina m'chilimwe, titatha Misa ku nthambi ina ya parishi, nyakwawa ya mudzi wapafupi idatipempha kuti tikaone mjigo wao. Mjigowo udali utaonongeka kwa miyezi itatu. Komiti ya mjigo idasonkhetsa ndalama, idaitana mmisiri, koma mmisiriyo adati mapaipi adagwera pansi ndipo pafunika zida zimene iye alibe. Amai adali atabwerera kukatunga kudambo, kumene ng'ombe zimamwa, ndipo ana adali atayamba kale kutsekula m'mimba. Pambali pa mjigowo padali chikwangwani chokhala ndi tizithunzi tisanu ndi kamodzi. Nyakwawa ija idaloza nkunena kuti: "Bambo Mfumu, inu mudapita kusukulu. Tatiuzani, mwa anthu onsewa mwini mjigo uwu ndani? Tikagogode pa khomo la yani?" Tidawerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, tidabwerezanso, koma sitidapeze ngakhale nambala ya lamya kapena dzina la malo pamene pali ofesi. Tidafunsa anthu chimene akukumbukira. Amai adati adabwera anthu a malaya achikasu. Abambo adati idali galimoto yoyera ya chithunzi chobiriwira pachitseko. Mlembi wa komiti adatulutsa kalata yakale, ndipo chidindo cha pa kalatayo sichidafanane ndi kachithunzi kalikonse ka pa chikwangwani chija. Tidachoka pamenepo ndi manyazi, sukulu yathu yonse ija osathandiza kanthu.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo athu ndi awa, ndipo tiwanena mosapsatira. Bungwe lililonse logwira ntchito pakati pa anthu, kaya ndi la Mpingo, kaya ndi lochokera kunja, kaya lidabadwira m'mudzi momwemo, liyenera kukhala ndi nkhope imodzi: dzina limodzi, chizindikiro chimodzi, mitundu yake yosasinthasintha. Nkhope imeneyo ioneke chimodzimodzi pa chikwangwani, pa galimoto, pa kalata, pa chidindo, pa lisiti, pa malaya ndi pa chiphaso cha wantchito. Bungwe lonyozera zimenezi likulakwira anthu osauka, pakuti likuwamana njira yolipezera pamene zinthu zavuta, ndiponso likutsekulira khomo akuba obwera m'dzina lake.

Anthu amawerenga ndi maso

Nkhani ya zizindikiro si yachilendo kwa ife. Makolo athu Achewa ankadziwana ndi mphini za pankhope, ndipo Angoni a Mpezeni ankadziwika ndi makutu oboola. Mlendo akafika pamudzi, akulu ankayang'ana nkhope yake, nkufunsa mfunda wake, ndipo asanamalize kumwa madzi adali atadziwa kale kwao ndi amene angamuyankhire mlandu akalakwa. Chizindikiro chidali chomangira munthu kwa abale ake. Wochita zoipa sakadatha kuchisiya panjira monga asiyira nkhwangwa.

Masiku athu ano tidaona mphamvu ya chizindikiro pa 14 June 1993, pamene Amalawi adafunsidwa ngati afuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Funso lidali lalikulu, loti ophunzira akadatha kukangana nalo chaka chathunthu, koma lidafika kwa munthu wa kumudzi ngati zithunzi ziwiri: tambala wakuda ndi nyali. Agogo amene sadagwirepo cholembera chibadwire adasankha okha popanda wowawerengera. Mpaka lero ambiri adaiwala mau amene adalembedwa pa mapepala aja, koma nyali ndi tambala sadaiwale.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Mchinji mudali anthu oposa 600,000, ndiponso kuti m'dziko lonse pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo sankatha kulemba ndi kuwerenga. Mwa otha kuwerengawo, ambiri amawerenga Chichewa chokha. Tsono amene amafuna thandizo kwambiri, nkhalamba zolera ana amasiye ndi amai amene adalekera sukulu panjira, ndiwo amene chikwangwani cha Chingerezi sichiwauza kanthu. Iwo amawerenga mtundu ndi chithunzi. Mukasintha mtundu mwasintha dzina. Mukasintha chithunzi ndiye kuti kwabwera anthu ena. Ife a mu Mpingo tiyenera kumvetsa zimenezi msanga kuposa wina aliyense, pakuti mkhristu wosadziwa kuwerenga akaona wansembe watuluka ndi zovala zofiirira amadziwa kuti Lenti kapena Adventi yafika, ndipo akaona zobiriwira amadziwa kuti tabwerera m'nyengo ya pachaka. Mitundu imeneyi imaphunzitsa chifukwa choti siisintha malinga ndi kukonda kwa wansembe amene wabwera kumene.

Chizindikiro chimene chidasungidwa

Pali bungwe limodzi limene ngakhale mwana wa ku Mkanda kapena ku Kapiri amalizindikira ali patali, ndilo la Red Cross. Mu 1859 Henry Dunant, munthu wamalonda wa ku Switzerland, adaona asilikali zikwizikwi ovulala atasiyidwa pabwalo la nkhondo ku Solferino, ku Italy, opanda wowasamala. Chifukwa cha kudandaula kwake, mu 1864 maiko adasonkhana ku Geneva nkugwirizana kuti osamala ovulala asamaomberedwe, ndipo kuti msilikali awazindikire ali kutali, adasankha mtanda wofiira pa nsalu yoyera, kutembenuza mitundu ya mbendera ya Switzerland. Maiko a Chisilamu atafuna chizindikiro chao, mwezi wofiira udavomerezedwa mu 1929, ndipo china chidaonjezedwa mu 2005. Taonani: pa zaka zoposa 150, zizindikiro zowerengeka zokha, ndipo chilichonse chidalowa pambuyo pa mgwirizano wa maiko. Palibe mkulu wa ofesi amene angadzuke m'mawa nkunena kuti kufiira kwamutopetsa. Kuno kwathu bungweli lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1966, ndipo pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mapiri ndi nyumba ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu March 2023, anthu otaya zonse ataona malaya a mtanda wofiira sadafunse kuti awa ndani.

Chikhulupiriro chotere sichigulidwa kwa wojambula. Chimakula pang'onopang'ono ngati mtengo wa mbawa, pamene anthu aona chithunzi chomwecho chaka ndi chaka, ndipo nthawi iliyonse kumbuyo kwa chithunzicho apeza ntchito yolongosoka. Wosintha chithunzi amadula mtengowo nkuyambanso kufesa.

Dziko lathu lomwe lidaphunzirapo. Mu July 2010 boma lidasintha mbendera imene tidalandira nayo ufulu mu 1964: lidasinthanitsa mizere, lidachotsa dzuwa lofiira lotuluka kumene nkuikapo dzuwa loyera lathunthu pakati. Anthu ambiri sadailandire ngati yao, ndipo mu May 2012 Nyumba ya Malamulo idabwezeretsa mbendera yakale. Pa zaka ziwiri zokha sukulu, maofesi ndi zipata za m'malire zidasintha mbendera kawiri, ndi ndalama za anthu a msonkho. Ngati dziko lathunthu, lokhala ndi wailesi ndi mphamvu zonse za boma, lidalephera kuzoloweretsa anthu nkhope yatsopano, nanga kabungwe ka anthu khumi ndi njinga yamoto imodzi kadzatha bwanji kusintha nkhope yake chaka chilichonse nkumayembekeza kuti anthu akazindikire?

Mabungwe okhala ngati nanzikambe

Komabe zimenezi ndizo zikuchitika. Mkulu watsopano akafika paofesi, ntchito yake yoyamba ndi kusintha chizindikiro kuti anthu adziwe kuti kwabwera wina. Pulojekiti yatsopano ikayamba, imapatsidwa dzina lakelake, chithunzi chakechake ndi malaya a mtundu wakewake, kotero kuti bungwe limodzi lomwelo limafika m'mudzi umodzi katatu ngati alendo atatu osadziwana. Pulojekiti ikatha patapita zaka zitatu, dzina lija limafa, chithunzi chija chimafa, ndipo mudzi umatsala ndi chikwangwani cha munthu amene kulibe. Wolemba zikwangwani wa pa Boma, popeza sadapatsidwe chitsanzo, amajambula za m'mutu mwake ndi penti amene watsala m'chitini; wa ku Lilongwe amajambula zina; mnyamata wa pa kompyuta amatambasula chithunzi mpaka nkhunda isanduka bakha. Nanzikambe amasintha mtundu kuti asaoneke. Bungwe lofuna kuti anthu alikhulupirire lisatengere khalidwe la nyama yobisala.

Vuto lina ndi la opereka ndalama. Ambiri a iwo amalamula kuti chizindikiro chao chioneke pa chilichonse chimene ndalama zao zagula, ndipo ife sitikuwatsutsa, pakuti nawonso ali ndi anthu kwao owafunsa kumene ndalama zidapita, ndiponso kuthokoza ndi mwambo wathu. Chimene tikutsutsa ndi kusanjika zizindikiro zonse mu mzere umodzi, zofanana kukula, osasiyanitsa wopereka ndalama, woyang'anira, womanga ndi wodzayankha mafunso. Mapanga awiri avumbwitsa. Nanga asanu ndi limodzi? Ndipo bungwe limene lidabisa nkhope yake kumbuyo kwa nkhope ya wolipatsa ndalama lidziwe kuti wopereka ndalama ndi mlendo. Kwa zaka zambiri chithunzi cha manja awiri ogwirana chanza, cha bungwe la USAID, chidali pa matumba a chakudya, pa zipatala ndi pa sukulu m'dziko muno. Mu 2025 boma la America lidaimitsa ntchito zambiri za bungwelo nkulitseka. Zikwangwani zake zikadaimabe m'malo ambiri, koma munthu wa mjigo woonongeka sangagogode pa chikwangwani. Wotsala m'dzikomo ndiye ayenera kuoneka kwambiri.

Ife a m'malire

Kwa ife a ku Mchinji nkhaniyi ili ndi mbali ina yoopsa. Malire adadula pakati pa mtundu umodzi. Achewa a mbali zonse ziwiri amapita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a mbali zonse ziwiri amapita ku Mtenguleni ku Ncwala. Wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji amalankhula chimodzimodzi, mfunda ndi womwewo, ndipo pambali pa chipata chachikulu cha Mchinji ndi Mwami, chimene atsogoleri a maiko awiriwa adatsekula mu December 2022, pali tinjira tosawerengeka ta njinga ndi miyendo. Ubale umenewu ndi dalitso, koma wakuba nayenso amaudziwa. Atha kuba kuno nkukagona uko, kapena kuba uko nkudzagona kuno.

Kuonjezera apo, anthu athu adazolowera kulembedwa maina. Ntchito ya Mtukula Pakhomo, yopatsa ndalama mabanja osaukitsitsa, idayambira m'boma lomwe lino mu 2006 isanafalikire m'dziko lonse, ndipo pambuyo pake padabwera makaundula ena ambiri. Tsono munthu akafika ndi tayi, chikwama ndi kalata ya chidindo, nkunena kuti akulemba ana amasiye oti alipiriridwe sukulu, kapena alimi oti alandire feteleza, koma aliyense ayambe wapereka kangachepe ka fomu, ndani angamukayikire? Madandaulo otere amatipeza ku parishi, ndipo olira nthawi zonse ndi amene adagulitsa nkhuku yao yomaliza. Tikawafunsa chifukwa chimene adakhulupirira, yankho limakhala limodzi: kalata idali ndi chithunzi. Inde, idali ndi chithunzi. Koma popeza mabungwe enieni amabwera ndi chithunzi china chaka chilichonse, anthu adaleka kufunsa kuti chithunzi chake nchiti. Mabungwe osasamala ndiwo adalimira wakuba munda.

Lamulo la mabungwe omwe si a boma la 2001, limene lidakonzedwanso mu 2022 pokhazikitsa NGORA, limafuna kuti bungwe lililonse lilembetse. Zimenezo nzabwino. Koma satifiketi ili m'kabati ya muofesi, ndipo mai wa kwa Mavwere kapena kwa Dambe sadzaiona. Chimene iye amaona ndi galimoto, malaya ndi pepala. Pamene anthu sakutha kusiyanitsa mlendo wabwino ndi woipa, amatha kukhulupirira onse, kapena kuopa onse, ndipo mantha ndi oopsa kuposa kubedwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nao, anthu osalakwa adaphedwa, ndipo bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake m'madera ena. Sitikunena kuti penti akadaletsa mphekesera. Tikunena kuti wantchito amene nkhope ya bungwe lake ndi yodziwika m'mudzi kwa zaka khumi amayenda ndi chitetezo chimene wa galimoto yosadziwika alibe.

Tiyang'ane m'nyumba mwathu

Tisaloze ena okha chala, pakuti ifenso a mu Mpingo tili ndi mabungwe, ndipo ena a iwo amagwira ndalama za anthu. Ntchito ya Mpingo yothandiza ovutika imadziwika m'maiko ambiri ndi dzina la Caritas, limene lidayamba ku Germany mu 1897 ndi wansembe Lorenz Werthmann, ndipo chizindikiro chake ndi mtanda wotulutsa malawi a moto. Kuno kwathu ntchitoyi idayamba ndi dzina lomwelo la Caritas, koma pambuyo pake idatchedwa CADECOM, pomwe abale athu a mu dayosizi ya Chipata akadali ndi Caritas. Akhristu angati a m'malire muno amene amadziwa kuti awiriwa ndi ana a mimba imodzi? Mu 2025 bungwe la Ambuye Maepiskopi athu nalonso lidasiya dzina la ECM nkutenga la MCCB. Kusintha dzina pa chifukwa chomveka si tchimo ai. Koma wosintha ali ndi ngongole yofotokozera anthu mpaka ku mphakati wakutali, kamodzi ndi kawiri ndi katatu, kufikira atazolowera.

Nanga m'maparishi mwathu? Tidaonapo parishi imodzi yokhala ndi zidindo zitatu zosiyana, chimodzi kwa mlembi, china kwa msungichuma, china chidapita ndi wansembe amene adasamutsidwa. Tidaonapo lisiti la ndalama zomangira tchalitchi lolembedwa pa pepala long'ambidwa m'kope la mwana wa sukulu. Tidaonapo achinyamata akuyenda m'misika ndi mapepala opemphera thandizo la ulendo wa kwaya, pepala lililonse mutu wake wosiyana, kotero kuti wina aliyense akadatha kudzilembera lake nkumatolera m'dzina la parishi. Tidaonapo magulu osintha chitenje chaka chilichonse, ndipo mai wosauka amene sadathe kugula chatsopano amakhala kumbuyo ndi manyazi, kapena kuleka kumene kubwera.

Chitsanzo chabwino nachonso chili m'nyumba mwathu momwemo. Gulu la Legio, limene Frank Duff adayambitsa ku Dublin mu 1921, ndipo Edel Quinn adalifalitsa kuno kum'mawa kwa Africa mpaka ku Nyasaland asanamwalire ku Nairobi mu 1944, limakonza tebulo la msonkhano mofanana kulikonse: nsalu yoyera, chifanizo cha Amai Maria, makandulo awiri, maluwa mbali ziwiri ndi kambendera kao. Wa Legio wa ku Guilleme akalowa mu msonkhano ku Lusaka kapena ku Johannesburg amadziwa pomwepo kuti wafika kwa abale. Gulu limeneli lilibe galimoto, lilibe wolipatsa ndalama, koma nkhope yake ndi imodzi kwa zaka zoposa 100. Tsono nkhani si ya chuma ai, ndi ya mwambo.

Zimene otsutsa amanena

Ena amati Uthenga Wabwino umatiletsa kudzionetsera pochita zachifundo, tsono zizindikiro ndi kunyada. Chenjezo limenelo ndi loona, ndipo likukhudza munthu wofuna kutamandidwa. Koma bungwe limagwira ndalama za ena m'dzina la osauka, ndipo woyang'anira chuma cha ena ayenera kudziwika kuti afunsidwe. Chizindikiro chimene ife tikufuna ndi chofanana ndi kusaina pansi pa kalata ya ngongole. Kudzichepetsa kumene kumathandiza munthu kuzemba mlandu ndi kudzichepetsa kokayikitsa.

Ena amati ndalama za penti zikadagula mankhwala. Koma tawerengerani bwino. Wosunga chizindikiro chimodzi amasema chidindo kamodzi, amasindikiza malisiti ochuluka pamtengo wotsika, ndipo malaya a chaka chatha amavalidwanso chaka chino. Woononga ndalama ndi wosinthasintha uja.

Ena amati chofunika ndi ntchito, osati maonekedwe. Apa tikuvomereza theka. Alipodi mabungwe amene chikwangwani chao nchachikulu kuposa ntchito yao, amene amamanga kachimbudzi kamodzi nkuika malata ojambulidwa mokongola pamsewu waukulu pamene akuluakulu amadutsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma taganizani: kodi bungwe lotere limapindula ndi chiyani, nkhope imodzi kapena nkhope zambiri? Likakhala ndi nkhope imodzi, anthu a kwa Mlonyeni adzauza a kwa Zulu kuti a chithunzi chakutichakuti ndi a pakamwa pokha, ndipo mbiri idzalitsogolera kulikonse kumene lipita. Likamasintha, limafika paliponse ngati latsopano lopanda mlandu. Nkhope imodzi imapindulira wogwira ntchito ndipo imayalutsa waulesi. Nchifukwa chake ena saifuna.

Chochita

Tsono tikupempha mabungwe onse ogwira ntchito m'boma lino, kuyambira aakulu mpaka komiti ya parishi, kuti achite zinthu zochepa izi, zimene sizifuna katswiri wochokera kunja. Sankhani chizindikiro chimodzi chosavuta, choti mwana wa Sitandade 4 angathe kuchijambula pamchenga ataona kawiri. Mitundu ikhale iwiri, ikachuluka itatu. Musanachivomereze chiyeseni: chiikeni pamtengo, muitane agogo aime kutali, anene chimene akuona; chijambulitseni pa makina a fotokope a zakuda ndi zoyera, muone ngati chikuzindikirikabe; chisemetseni pa chidindo chaching'ono, muone ngati sichisanduka banga. Ojambula tili nao. Ku Mua, malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 adaonetsa kale kuti zithunzi za kwathu, za khasu, mtondo, dengu ndi mtengo, zingathe kunena zazikulu; palibe chifukwa chotolera pa intaneti chithunzi chimene mabungwe ena zana akugwiritsa kale ntchito.

Mukasankha, lembani zonse pa pepala limodzi: chithunzi chenicheni, maina a penti, kalembedwe ka dzina, ndi malo amene chilichonse chimakhala. Pepalalo lisungidwe ngati buku la ubatizo, ndipo mkulu watsopano alilandire pamodzi ndi makiyi. Wolemba zikwangwani apatsidwe chitsanzo chodulidwa pa katoni kapena pa lata kuti asajambule za m'mutu. Chidindo chikhale chimodzi, malisiti akhale a manambala otsatana, ndipo wantchito aliyense wopita kumudzi avale chiphaso cha chithunzi chake. Pa chikwangwani, dzina la amene adzayankha mafunso likhale pamwamba ndi lalikulu, m'Chichewa, pamodzi ndi nambala ya lamya ndi malo a ofesi. Opereka ndalama athokozedwe m'munsi. Pulojekiti isakhale ndi nkhope yoposa ya bungwe limene lidaibala. Ntchito ikatha, lembanipo amene mwamusiyira udindo, kapena zulani chikwangwanicho. Ndipo nkhope ya mwana wanjala isakhale chizindikiro cha bungwe lililonse, pakuti mwanayo adzakula, ndipo adzadutsa pamsewu umenewo.

Inunso makolo ndi atsogoleri a miphakati muli ndi mbali yanu. Safunsa adadya phula. Mlendo wobwera kudzalemba maina ayambe waonekera kwa mfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Yerekezani chithunzi cha pa kalata yake ndi cha pa chiphaso chake ndi cha pa galimoto yake. Zikasiyana, funsani chifukwa, ndipo musachite manyazi. Musapereke ndalama popanda lisiti la nambala ndi chidindo, ngakhale wopemphayo atabwera m'dzina la parishi, ngakhale atabwera m'dzina la wansembe. Wantchito woona sakwiya akafunsidwa. Wokwiya wadziulula yekha.

Mjigo uja udakonzedwa patapita miyezi ina iwiri, mlembi wa komiti atapalasa njinga kupita ku Boma katatu, kuyenda ofesi ndi ofesi ndi kalata yake ya chidindo chosadziwika, mpaka adapeza munthu wina amene adakumbukira kuti ntchito ija idali ya yani. Miyezi isanu amai akutunga kudambo, chifukwa cha mzere umodzi umene sudalembedwe pa lata. Nyakwawa ija idalamula kuti chikwangwani chakale chisazulidwe, koma idagula kachitini ka penti, ndipo kumbuyo kwake mwana wa sukulu adalembako dzina limodzi ndi nambala imodzi ya lamya, ndi zilembo zazikulu zopendekeka. Mwa zikwangwani zonse za m'dera limenelo, chimenecho ndicho chokha chimene chimayankha funso limene anthu amafunsa.